Chisipanishi nachonso tichipatse malo m'masukulu mwathu

A Mkonzi,

Ndilolezeni kadanga m'nyuzipepala yanu ndinenepo za chiyankhulo chimene ambiri sitimachiganizira nkomwe tikamakamba za ziyankhulo zakunja. Kuno tikati mwana aphunzire chiyankhulo china pambali pa Chingerezi maganizo amathamangira ku Chifalansa poti chilipo m'masekondale ena mpaka pa MSCE, masiku ano ena akuti Chitchaina, koma Chisipanishi ayi ndithu, ngati kuti ndi cha anthu ochepa pomwe amene anabadwa nacho akuyandikira 500 miliyoni ndipo ndi chiyankhulo cha boma m'maiko 20 kuphatikizapo Equatorial Guinea wa mu Africa momwe muno. Ku United Nations chili m'gulu la ziyankhulo 6 zogwiritsa ntchito, ku African Union nakonso chilipo.

Ine ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Dedza ndipo chimene chinandikokera ku Chisipanishi si mpira wa Barcelona kapena Real Madrid ayi, ndi mbozi. Mukukumbuka ntchemberezandonda zachilendo zija zomwe zinalowa mu Africa mu 2016 n'kutigwetsa mphwayi mpaka boma kulengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi kumapeto kwa 2017? Alimi amandifunsa kuti alangizi titani, mankhwala akudula komanso mbozi yake imabisala mkati mwa nsonga, ndiye pofufuza pa intaneti ndinapeza kuti kachilombo kameneka kwawo ndi ku America ndipo alimi a ku Mexico, Guatemala ndi Honduras akhala nako kuyambira kalekale, amakatchula kuti gusano cogollero. Mavidiyo a alimi ang'onoang'ono ngati athu omwewa analipo ambirimbiri pa YouTube, munthu ali m'munda mwake akuloza chimanga akufotokoza, koma ine osamva kanthu. Zinandipweteka mumtima, nzeru ili apo ndikuiona ndi maso koma khutu latsekeka. Ndipomwe ndinayamba kuphunzira pa foni, madzulo aliwonse mphindi 20 bandulo ikakhalapo.

Anthu ambiri sadziwa kuti chimanga chimene timati ndi moyo wathuchi chinachokera ku Mexico. Nyemba, tomato, maungu, chinangwa, mtedza, mbatata, zonsezi kwawo ndi kutsidya kumeneko. Kulima chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi kumene agogo athu amachita iwo amakutchula kuti milpa ndipo akhala akuchita kwa zaka masauzande. Likulu la CIMMYT, bungwe lomwe limafufuza mbewu za chimanga ndi tirigu, lili kufupi ndi Texcoco ku Mexico komweko. Nanga dziko lodya nsima ngati lathu lingakhale bwanji opanda anthu odziwa kuyankhula ndi eni chimanga?

Chitsanzo chimodzi chomwe chimandikhudza kwambiri ndi kaphikidwe. Iwo asanagaye chimanga amayamba achiwiritsa m'madzi othira laimu n'kuchisiya chigone momwemo, kenako kutsuka, kenako kupera n'kupanga timikate topyapyala totchedwa tortilla. Chimanga chokonzedwa motero amachitcha nixtamal ndipo njira imeneyi imamasula vitamini wotchedwa niacin yemwe amakhala womangika m'chimanga, komanso imachepetsa poizoni wa chuku. Chimanga chinabwera kuno koma nzeru iyi inatsala m'mbuyo, n'chifukwa chake matenda a pelagira, aja khungu limada n'kumasweka malo oomba dzuwa, amagwira anthu odalira chimanga chokhachokha, ndipo mu 1990 anavuta kwambiri pakati pa abale athu othawa nkhondo ku Mozambique omwe anali muno m'Malawi. Sindikunena kuti tisiye ufa woyera kapena mgaiwa ayi, koma ana athu ophunzira za kadyedwe atamva zimenezi kuchokera kwa eni ake bwenzi akutiyesera kuno n'kuona chomwe chingatheke.

Tsono ena amati a alangizi, Chingerezi chomwe chikutivuta kale nanga china tichitha? Apa ndiye ndikufuna makolo amve bwino. Chisipanishi chili ndi mavawelo 5 okha, a e i o u, ndipo amamveka ngati mmene timawatchulira m'Chichewa, mawu ambiri ukawaona umawerenga mmene alembedwera basi, zija za Chingerezi zoti chilembo chomwecho apa chimveke mwina apo mwina n'zochepa. Mwana wa Sitandade 4 wodziwa kuwerenga Chichewa mutamupatsa mawu oti camino kapena mano awerenga bwinobwino tsiku loyamba lomwe. Komanso mawu ena tili nawo kale kudzera kwa Apwitikizi poti ziyankhulo ziwirizi ndi pachibale, nsapato iwo amati zapato, mbendera ndi bandera, kalata ndi carta, kama wogonapo ndi cama, mbatata ndi batata. Tsiku lomwe ndinazindikira zimenezi ndinasangalala ngati ndakumana ndi mbale kuchilendo. Ngakhale ulemu ali nawo ngati wathu, mwana kapena mnzako umati tú monga iwe, wamkulu umati usted monga inu, chinthu chomwe Chingerezi chilibe. Mneni naye amasintha malinga ndi wochita, hablo, hablas, habla, ndimayankhula, umayankhula, amayankhula, kusiyana kwake iwo amasintha kumapeto ife koyambirira.

Zovuta zilipo sindibisa. Ife l ndi r timazisakaniza pomwe kwa iwo pelo ndi tsitsi, pero ndi koma, perro ndi galu, ndiye lilime limafunika kulizoloweza ndithu. Akamayankhula amathamanganso kwambiri makamaka a ku Cuba. Koma izi ndi za miyezi, si za zaka.

Phindu lina ndaliona pompano pamalire. Tikapita ku Calomue kapena Ulongwe timamvana m'Chichewa inde, koma zikwangwani, mapepala a boma ndi malangizo a pa mabotolo a mankhwala zimakhala m'Chipwitikizi, ndipo pano ndimatha kuwerenga zambiri mwa izo chifukwa cha Chisipanishi chomwechi ngakhale katchulidwe kawo ndi kosiyana. Za maphunziro nazonso, ku Havana kuli sukulu ya udokotala yotchedwa ELAM yomwe inatsegulidwa mu 1999 ndipo imalandira ophunzira ochokera m'maiko osauka kuphatikizapo a mu Africa, South Africa yakhala ikutumiza achinyamata ake ku Cuba kukaphunzira udokotala kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo onsewo amayamba athera nthawi pa chiyankhulo asanagwire buku la zachipatala. Wopita akudziwa kale amakhala wayamba patsogolo. Mayeso ovomerezeka aliponso, amatchedwa DELE, amayendetsa ndi a Instituto Cervantes kuyambira gawo la A1 mpaka C2, satifiketi yake ndi yoti munthu angaonetse polemba ntchito kulikonse.

Pempho langa likupita ku Unduna wa Maphunziro ndi mayunivesite athu, makamaka LUANAR ku Bunda komwe kumachokera alangizi ndi akatswiri a mbewu. Sindikupempha kuti chikhale chokakamiza pa MSCE ayi, aphunzitsi ake tilibe pakadali pano. Yambani ndi kakosi kafupi ka miyezi 6 kwa ofuna, kambiranani ndi maofesi a kazembe a maiko oyankhula Chisipanishi omwe amayang'anira Malawi atitumizireko aphunzitsi awiri kapena atatu, ndipo ena mwa ophunzira oyambawo adzakhale aphunzitsi a m'masekondale. Kalasi yoteroyo ikatsegulidwa ndi ya Loweruka, ine ndidzakwera minibasi kuchoka ku Dedza kukalembetsa nawo.

Ine wanu,
Mlangizi wa zaulimi,
Dedza