Avereji yokha sikwanira, tiuzeninso malire ake

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za momwe manambala a kafukufuku wa usodzi amalembedwera. Timawerenga kuti bwato limodzi likupha usipa wochuluka mwakuti pa usiku umodzi, koma satiuza kuti anayeza mabwato angati. Palibe angayeze bwato lililonse kuyambira ku Malombe mpaka ku Msaka. Amayeza ochepa n'kuyerekezera onse, ndipo sikulakwa, bola anene kuti nambala yawoyo ingaphonye ndi zingati.

Kawerengedwe kake sikovuta. Tiyerekeze kuti pa doko la Makawa ayeza mabwato 16, avereji yatuluka makilogalamu 40, ndipo kusiyana kwa nsomba pakati pa mabwatowo, komwe akatswiri amati standard deviation, ndi makilogalamu 12. Gawani 12 ndi square root ya 16, yomwe ndi 4. Mupeza 3. Kenako tsegulani tebulo la t, lomwe ndi mndandanda wa manambala ochulukitsira powerengera malire, pa mzere wa 15, chifukwa pa chiwerengero cha zomwe tayeza timachotsapo 1. Pa 95 peresenti palembedwa 2.131. Mukachulukitsa ndi 3 uja mupeza 6.4. Ndiye choyenera kulemba n'chakuti avereji ya mabwato onse a padokopo ili pakati pa makilogalamu 33.6 ndi 46.4. Malire amenewa ndiwo confidence interval.

Nanga akanayeza mabwato anayi okha, zina zonse n'kukhala chimodzimodzi? 12 kugawa ndi 2 ndi 6, ndipo pa mzere wa 3 tebulo likupereka 3.182. Malire akutambasuka kuchokera pa 20.9 kufika pa 59.1. Pa pepala woyeza mabwato 16 ndi woyeza anayi onse alemba 40, koma wachiwiriyu sakudziwa ngati nsomba zili pafupi ndi 20 kapena 60. Kuti malire achepe ndi theka, muyenera kuyeza mabwato ochuluka kanayi, osati kawiri.

Ophunzira ambiri amaloweza 1.96 n'kumaigwiritsa ntchito paliponse m'malo mwa nambala ya pa tebulo la t. Nambala imeneyi imayenera pamene zoyezedwa zili zambiri. Zikakhala zochepa, standard deviation imene mwapezayo nayonso ndi yongoyerekeza, ndiye tebulo la t limakulitsa malire kuti liphimbe kukayikako. Analipeza ndi William Gosset mu 1908 akugwira ntchito ku kampani ya mowa ya Guinness ku Dublin, komwe ankayeza zinthu zochepazochepa ngati momwe zimakhalira kwathu kuno. Zoyezedwa zikafika 30, t amakhala 2.045, wayandikira 1.96.

Tanthauzo la 95 peresenti limasokonezanso anthu. Silinena kuti mabwato 95 pa 100 aliwonse amapha pakati pa 33.6 ndi 46.4. Likunena kuti kafukufukuyo atabwerezedwa ka 100, malire opezeka mwanjira imeneyi angakole avereji yeniyeni pafupifupi ka 95.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi kasankhidwe ka mabwato, chifukwa apa masamu sangakupulumutseni. Woyeza akafika padoko dzuwa litakwera, amapeza mabwato ochedwa okha. Akamapita masiku a mdima okha, pomwe nyali zimakoka usipa bwino, nambala imakwera. Mwezi ukawala kapena mwera ukawomba, imatsika. Bwato lobwera chimanjamanja liyenera kulembedwa 0, osati kulidumpha ati palibe choyeza. Komanso chilimira chimodzi chikagwera gulu lalikulu la usipa, chimakokera avereji m'mwamba, ndipo pa mabwato anayi kapena asanu tebulo la t silidalirikanso, poti limafuna manambala osapendekera mbali imodzi kwambiri.

Manambala amenewa ndi omwe amagwiritsidwa ntchito pokambirana zotseka nyanja ndi zoletsa maukonde, zomwe zimakhudza chakudya cha mabanja. Pempho langa kwa atolankhani anu ndi lakuti akapatsidwa avereji azifunsa kuti anayeza angati, anawasankha bwanji, pa masiku ati, ndipo malire ake ndi otani. Mayankhowo azituluka m'nkhani momwemo.

Wowerenga wanu,
Mangochi