Rauta yafika pakhomo, laputopu n'kuyamba kukwawa: musathamangire kufomata

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi anthu amene ayamba kuika intaneti ya m'nyumba, ija ya rauta yolipira pamwezi, kusiya kudalira mabandulo a pafoni. Ine ndimakonza makompyuta kuno ku Zomba, ndipo dandaulo limene likundipeza kawirikawiri masiku ano ndi ili: "Achimwene, chiikireni rauta laputopu yanga yafika poipa, bola kale ndili pa bandulo." Ambiri akamafika kwa ine amakhala atadzera kale kwina, komwe anawauza kuti mankhwala ake n'kufomata basi, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Ndalama alipira, zithunzi za ukwati ndi ntchito ya kusukulu ya ana zapita, koma pakangotha sabata makina aja ayambiranso kukwawa. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa nthawi zambiri gwero la vutoli limapezeka popanda kufufuta kanthu n'kamodzi komwe.

Malaputopu ambiri amene tili nawo m'makomomu ndi a kaunjika, opangidwa cha m'ma 2012 mpaka 2016. M'kati mwake mumakhala RAM ya 4GB ndi hard disk ija yokhala ndi mbale yozungulira maulendo 5,400 pa mphindi. Nthawi ya mabandulo, makina amenewa tinkawamana intaneti. Munthu ankalumikiza foni, kutumiza imelo, n'kudula msangamsanga poopa kuti data ingathe. Ndiye Windows inkangosunga ngongole ya ma update, mwezi ndi mwezi, nthawi zina zaka. Tsiku limene rauta yalowa m'nyumba, zonse zimene zinali m'tulo zimadzuka pakamodzi. Windows Update iyamba kutsitsa katundu wake, OneDrive kapena Google Drive iyamba kukweza zithunzi zonse, antivirus ikufuna zake, Chrome nayo ikudzikonza. Zonsezi zikulimbirana kambale kamodzi kokalamba kaja. Mwiniwake akadina Word, aima pamzere kumbuyo kwa onsewa, ndiye amangoti netiweki ndi yachabechabe. Koma phula latsopano silithamangitsa ngolo ya ng'ombe.

Kuti mudzionere nokha simufunika kulipira munthu. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patseguka Task Manager, zenera losonyeza zimene makina akuchita. Yang'anani pamene palembedwa Disk. Mukaona 100% ili pompo osatsika, pamene pa Network pali bata, dziwani kuti wolakwa si kampani ya intaneti. Ikani laputopuyo pa chaja usiku umene magetsi alipo, isiyeni imalize ma update ake, muiyatsenso, ndipo ikapempha ena ipatseninso mpata. Kenaka pitani pa Startup mu Task Manager momwemo, muletse mapulogalamu amene amadzitsegula okha makina akangoyaka: Skype, Teams, Spotify ndi ena amene mwina simunawagwiritsepo ntchito. Antivirus ikakhala iwiri, chotsani imodzi. Windows 10 imabwera kale ndi yake, Defender, ndipo pa ntchito za pakhomo ndi yokwanira.

Mayi wina, mphunzitsi wa ku pulaimale amene akuchita maphunziro apatali, anabwera atakwiya kuti Zoom imangoduka m'kati mwa phunziro, ndipo anali atatsala pang'ono kubweza rauta. Ndinapita kunyumba kwawo ku Matawale. Tinatsegula fast.com, tsamba loyezera liwiro la intaneti, pa foni yawo titaima pafupi ndi rauta, liwiro linali lonse limene amalipira. Tinatsegula pa laputopu kuchipinda kumene amawerengera, silinafike ndi theka lomwe. Rautayo inali pansi kuseri kwa TV pabalaza, pakati pake ndi chipinda pali makoma awiri a njerwa zootcha. Ndinatulutsa chingwe cha netiweki m'chikwama, kuchilumikiza kuchokera pa rauta kupita pa laputopu, liwiro n'kubwerera nthawi yomweyo. Mayi aja anangoti, "Ndiye kuti vuto ndi khomali?" Ndinati khoma ndi mbali imodzi, mbali ina ndi msinkhu wa makinawo.

Marauta ambiri atsopano amaulutsa Wi-Fi pa njira ziwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Ya 5 GHz ndi yothamanga koma siboola bwino makoma. Ya 2.4 GHz imafika patali koma ndi yothithikana, chifukwa marauta a aneba, Bluetooth, ngakhale microwave ya kukhitchini, zonse zimadzera momwemo. Malaputopu otchipa a zaka zimenezo ambiri amangoona 2.4 GHz yokha. M'nyumba za mdadada, momwe khomo lililonse lili ndi rauta yake, makina oterewa amavutika ndithu. Kukweza rauta pamwamba, poyera, kumathandiza. Kusintha channel ya Wi-Fi mu rauta kuti ikhale 1, 6 kapena 11 kumathandizanso. Apo ayi gulani kachipangizo ka Wi-Fi kobaya pa USB kamene kamamva 5 GHz, kapena ingokokani chingwe, chimene kwa ine n'chodalirika kuposa zonse ngati laputopu yake simaisuntha patebulo.

Pali china chimene ogulitsa intaneti safotokoza. Iwo amatchula liwiro mu Mbps, pamene kompyuta ikamatsitsa fayilo imaonetsa MB pa sekondi. Kuti mupeze chachiwirichi mumagawa choyambacho ndi 8. Wolipira 20 Mbps akaona 2.5 MB pa sekondi, sanaberedwe ayi, walandira zake zonse. Ndipo 20 yomweyo ndi ya nyumba yonse: ana ali pa TikTok, TV ili pa YouTube, mwana wa aneba amene anapatsidwa password tsiku lina lija nayenso ali momwemo. Lowani mu rauta muwerenge zipangizo zimene zalumikizidwa, mudzadabwa.

Za fumbi ndisaziiwale. Laputopu imene kale inkayaka mphindi makumi awiri tsopano ikuyaka tsiku lonse kuonetsa mafilimu, ili pa matiresi, m'kutentha kwa Okutobala. Ndikatsegula kunsi ndimapeza fumbi litaundana ndi ubweya wa bulangete pakamwa pa fani, mpweya osatulukanso. Processor, ubongo wa kompyuta, ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Mukamva fani ikulira osapuma, pansi pake pakuotcha ntchafu, kaitsukitseni, ndipo muziika pa thabwa kapena patebulo.

Zonsezi zikachitika koma Disk ija n'kumakhalabe pa 100%, ndiye kuti nthawi ya SSD, disk ya mtundu watsopano yolowa m'malo mwa hard disk, yakwana. Apa ndiye pamene ndimalimbikitsa munthu kutulutsa ndalama mosanyinyirika. Hard disk ya mbale imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi zinthu zikakhala bwino, SSD wamba imafika cha pa 500, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono timene Windows imasakasaka kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa pamenepo. SSD ilibe chozungulira m'kati mwake, choncho kugwedezeka sikuiopsa. Zonse za m'disk yakale zimatheka kusamutsidwa momwe zilili, ndipo yakaleyo mumaiika m'kabokosi ka USB n'kumasungiramo zithunzi. Mukawonjeza RAM kufika 8GB, makina a 2014 amagwira ntchito ya kusukulu ndi ya mu ofesi bwinobwino. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, laputopu yatsopano yasanduka loto kwa mabanja ambiri, ndiye sindiona chifukwa chotayira imene ikanachira ndi chipangizo chimodzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chitetezo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso processor ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kapena ya AMD ya msinkhu womwewo, zimene makina athu ambiri a kaunjika alibe. Kale laputopu yotere inkangosuzumira pa intaneti n'kuchoka. Lero ili pomwepo usana ndi usiku, mwiniwake akulowa ku banki, ana akutsitsa magemu ndi mapulogalamu okuba amene amabwera ndi alendo osaitanidwa. Ndakumanapo ndi makina amene processor yake inali pa 100% chifukwa kapulogalamu kobisika kankakumbira munthu wina ndalama za crypto. Kwa amene ntchito yawo ndi kulemba, imelo, Zoom ndi YouTube, ndimawaikira Linux Mint ya mtundu wa Xfce m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo ikulandirabe ma update. Sabata yoyamba amadandaula kuti zinthu sizili pamalo pake, kenaka amazolowera. Amene ali ndi pulogalamu yowerengetsera ndalama yoyenda pa Windows pokha, amenewo ndimawauza zoona kuti ayambe kusunga ndalama ya makina ena.

Pempho langa likupita kwa anyamata amene makampani amawatuma kudzaika marauta. Musamangoyesa pa foni yanu n'kunyamuka. Yesaninso pa laputopu ya mwini nyumba, pa chingwe ndi pa Wi-Fi, m'chipinda chimene amagwiriramo ntchito, mumulembere manambala onse papepala. Ndipo inu anzanga okonza, kasitomala akabwera muonetseni Task Manager ndi maso ake musanatchule mtengo. Ngati kufomata kukufunikadi, yambani mwakopera mafayilo ake pa disk ina, iye akuona.

Ndine wanu,
Wokonza makompyuta,
Zomba