Kalata yotseguka kwa a Nduna oyang'anira nkhalango: patulani mitengo yachilengedwe yotsala m'chigwa cha Shire

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wopuma wa m'dera la mfumu yaikulu Tengani ku Nsanje. Ndakulemberani poyera kuti anzanga a ku Chikwawa ndi kuno aimve nawo nkhaniyi. Pempho langa ndi limodzi: malo amene adakali ndi mitengo yachilengedwe m'mapiri ozungulira chigwa chathu, ndiponso m'mbali mwa mitsinje yothira mu Shire, apatulidwe mwalamulo kuti pasapezekenso wolimapo, wootchapo makala kapena wogwetsa mitengoyo n'kudzalapo bulugamu.

Ife a kuchigwa timalandira madzi a mvula imene yagwa kwa ena. Ikagwa ku Mulanje imatipeza kudzera mu Ruo, ikagwa ku Mwanza imatsika ndi mtsinje wa Mwanza. Phiri likakhala ndi mitengo, mizu ndi masamba oyoyoka zimagwira madzi kuti alowe pansi pang'onopang'ono, ndipo timifuleni timayendabe ngakhale chilimwe chitafika. Likametedwa mpala, madzi onse amatsika usiku umodzi atasenza mchenga. Mchengawo umakwirira mtsinje, ndiye chaka chinacho mtsinje wosowa njira umadzera m'midzi. A ku Makhanga anaziona zimenezi mu Januwale 2015. Panabwera namondwe Idai mu 2019, kenako Ana mu Januwale 2022 amene anagumula damu la Kapichira n'kusiya dziko lonse likuvutika ndi magetsi, ndiye Freddy mu Malichi 2023. Sindikunena kuti mitengo ikanabweza namondwe. Koma madzi otsika m'phiri lovala ndi otsika m'phiri lambulanda safika pakhomo ndi ukali wofanana, ndipo ife amene tinagonapo m'makalasi pothawa madzi timakudziwa kusiyanako. Ngalande yaikulu yothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira nayonso idzalimbana ndi mchenga womwewo.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timadzala mitengo. Ineyo ndanyamulitsa ana asukulu mbande za m'machubu kwa zaka zambiri, ndipo sindinyoza ntchitoyi. Koma dzuwa la kuno mu Okutobala ndi Novembala limapyola madigiri 40, mbuzi nazo zili pomwepo, moti mbande yofika chaka chachiwiri ndi yamwayi. Pamene chitsa cha tsanya chimene chinadulidwa kalekale chili ndi mizu yozama kale. Mukangochiteteza ku moto, nkhwangwa ndi ziweto, mphukira zake zimakula popanda wozithirira. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kumakula bwino pansi pake, ndipo zipatso zake zimadyetsa ng'ombe msipu ukatha. Mtondo, bwemba, mlambe: yonseyi ikuidziwa nthaka yathu. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nkhalango ndi nthaka zowonongeka pofika 2030, ndipo kuno kwathu njira yosadula ndiyo kusunga zimene zilipo kale kuti ziphukenso zokha.

Anthu a kuno sakuyamba lero kusunga nkhalango. Ku Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona, mitengo yakhala chiimire mibadwomibadwo popanda waya kapena mfuti, chifukwa anthu anagwirizana kuti pamenepo nkhwangwa siilowa. Ku Majete nako, kumene nyama zinatsala pang'ono kutheratu, zinthu zinasintha kuyambira 2003 pamene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kugwira ntchito ndi boma. Lero kuli zipembere, njovu ndi mikango, ndipo alendo amalipira kuti akaone. Ndikanakonda kuti chidwi chomwecho chifike ku Matandwe, ku Mwabvi ndi ku Lengwe, makamakanso ku timapiri topanda dzina pa mapu timene tili m'manja mwa mafumu. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola kale nyakwawa ndi anthu awo kupatula nkhalango ya mudzi n'kusankha komiti yoiyang'anira. Tithandizeni kuyeza malire, kuwalemba m'kaundula ndi kutipatsa alangizi oti azifika kumudzi.

Za wootcha makala ndilankhule mosabisa, poti ena ndi ana amene ndinawaphunzitsa ndekha. Mnyamata amene amakankha njinga ya matumba atatu kukwera chitunda cha ku Thabwa kulowera ku Blantyre sachita zimenezo chifukwa chodana ndi mitengo. Munda wake unakwiriridwa ndi mchenga, ndipo m'tauni makala a tsanya ali ndi msika chifukwa amakhalitsa pa mbaula. Kumulanda njinga kokha sikupulumutsa phiri. Malo opatulidwawo alole anthu kupachika ming'oma ya njuchi, kutola nkhuni zouma, kumweta udzu wofolerera ndi kufuna mankhwala azitsamba motsata malamulo a komiti. Ngati padzakhale ndalama zochokera kunja zolipira mitengo chifukwa chosunga mpweya woipa, mudzi wosunga nkhalangoyo udziwe kuchuluka kwake ndipo ulandire gawo lake poyera.

Palinso kukongola, ndipo sindichita manyazi kukutchula. Munthu akaima pamwamba pa phiri potsika kuchokera ku Blantyre amaona Shire akukhotakhota, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ili biriwiri chapatali. Ndili mwana, m'mbali mwa msewu umenewo munali mitengo yothithikana, ndipo mvula yoyamba ikayandikira masamba anthete ankafiira phiri lonse. Zidzukulu zanga zimaona miyala ndi utsi wa mauvuni.

Bwerani mudzayende nafe m'phiri la Matandwe mvula isanayambe, a Nduna. Mudzakhale pansi ndi mafumu athu, tidzakulozereni malo oyenera kuyambira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, kwa Tengani, Nsanje