Zithunzi za pa intaneti zili ndi eni ake

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa chizolowezi chimene chafala kuno ku Mangochi, chotenga zithunzi pa masamba a intaneti a anthu ena ndi kuzigwiritsa ntchito popanda kupempha, ngakhale kungotchula dzina la amene anazijambula. Boma lathu limajambulidwa kwambiri chifukwa cha nyanja. Paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984, sitima ya Ilala ikakocheza ku Monkey Bay, mlatho wa Bakili Muluzi pa mtsinje wa Shire, zonsezi zimakopa ojambula a m'dziko muno ndi akunja omwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti zithunzi zawo zimathera pa masamba otsatsa malonda a malo ogona alendo, a mabwato ndi a malo odyera, eni ake osadziwa kanthu.

Ambiri amene amachita izi si anthu oipa mtima, koma amakhulupirira kuti chilichonse chimene chatuluka akafufuza pa Google ndi cha aliyense. Google imangoloza kumene chithunzi chili, siipereka chilolezo. Munthu wa kunyanja amadziwa kuti usipa woyanikidwa pa thandala uli poyera, aliyense wodutsa akuuona, koma palibe amene angatapeko n'kukagulitsa ponena kuti anaupeza panja.

Tiyeni tione zimene wojambula amadutsamo kuti apeze chithunzi chimodzi cha nkhwazi ikuwakha nsomba pafupi ndi chilumba cha Thumbi. Amadzuka m'mamawa m'mudzi wa Chembe, amalipira bwato ndi mafuta ake, amagula nsomba zoti woyendetsa bwato aziponya pamadzi, ndipo amajambula kambirimbiri mbalameyo isanatuluke bwino ndi mapiko otambasula. Kamera anachita kugula, mwina pa ngongole, ndipo akafika kunyumba amagulanso bandulo kuti aike chithunzicho pa tsamba lake, atalemba dzina lake pakona. Kenaka wina amachikopera, amadula kona imene pali dzinalo, n'kulembapo mitengo ya zipinda zake. Alendo akabwera chifukwa cha chithunzicho, wojambula sapezapo ngakhale tambala. Kudula dzinako ndiko kumandipweteka koposa, chifukwa kumaonetsa kuti wotengayo anadziwa bwino lomwe kuti chithunzicho chili ndi mwini wake.

Malamulo alipo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso la m'chaka cha 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo zithunzi ndi zina mwa ntchito zimene limateteza. Malawi analowanso m'pangano la maiko la Berne m'chaka cha 1991. Malinga ndi panganoli, ntchito yaluso imatetezedwa popanda kulembetsa kulikonse, kutanthauza kuti chithunzi chimene palibe dzina kapena chizindikiro cha © chili ndi mwini wake ndithu. Panganoli limatinso wojambula wa m'dziko lina la m'panganomo atetezedwe kuno monga momwe Mmalawi amatetezedwera, ndipo Mmalawi atetezedwe chimodzimodzi kumeneko. N'zoona kuti malamulo amapereka mpata pa zinthu zina, monga pophunzitsa, bola atchule kumene ntchitoyo yachokera ndi dzina la mwini wake, koma mpata umenewu sufika pa kutsatsa malonda. Ena amaganiza kuti akalemba pansi kuti chithunzichi si changa, ulemu upite kwa mwini wake, ndiye kuti athana nazo. Mawu otere salowa m'malo mwa chilolezo, komanso sathandiza wojambulayo chifukwa dzina lake silikutchulidwa.

Wotenga zithunzi za eni naye amadziika pa mavuto. Facebook imachotsa chithunzi mwini wake akadandaula, ndipo tsamba limene ladandaulidwa mobwerezabwereza likhoza kutsekedwa, mwini bizinesi n'kutaya makasitomala onse amene ankamutsatira. Makampani akuluakulu ogulitsa zithunzi, monga Getty Images, amalondola zithunzi zawo ndi kulipiritsa amene azigwiritsa ntchito popanda chilolezo. Palinso vuto lina limene likuipitsa mbiri ya boma lathu: ndaonapo malo ena akutsatsa malonda ndi zithunzi za magombe a kunyanja ya mchere, zimene aliyense wokulira kuno angazindikire kuti si za kwathu. Mlendo amene wasungitsa malo poona chithunzi chotere amafika n'kupeza zina, ndipo akabwerera kwawo amauza anzake kuti a ku Mangochi ndi onama.

Njira zoyenera si zovuta. Amene wakonda chithunzi pa Facebook adine batani logawana ndi ena, chifukwa likatero dzina la mwini wake ndi tsamba lake zimaonekabe, kusiyana ndi kuchikopera mu foni n'kuchiikanso ngati chake. Amene akufuna chithunzi cha malonda alembere wojambulayo, agwirizane mtengo ndi kumene chidzagwiritsidwe ntchito, ndipo asunge uthengawo ngati umboni. Amene alibe ndalama angapeze zithunzi pa tsamba la Wikimedia Commons, pamene zambiri zili ndi zilolezo za Creative Commons, zolola anthu kuzigwiritsa ntchito mwaulere, koma awerenge chilolezo cha chithunzi chilichonse, popeza zambiri zimalamula kutchula wojambula. Pa masamba ena, zilolezo zina za mtundu womwewu zimaletsa malonda. Koposa zonse, ndikanakonda eni malo ogona alendo atamalemba ganyu achinyamata athu ojambula a ku Monkey Bay, ku Chembe ndi pa boma, kuti awajambulire malo awo enieni, ndalamazo zizitsala konkuno.

Pempho langa likupita ku bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso la COSOMA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 ndipo anthu ambiri kuno amangolidziwa pa nkhani za oimba. Libwere ku Mangochi lidzakumane ndi ojambula ndi eni mabizinesi okopa alendo, liwafotokozere m'Chichewa ndi m'Chiyao zimene lamulo la 2016 likunena pa zithunzi, ndi kumene wojambula angakadandaule ntchito yake ikabedwa. Inunso Akonzi, ndikupempha kuti pansi pa chithunzi chilichonse chimene mwasindikiza, ngakhale chochokera pa masamba a mchezo, pazikhala dzina la wojambula amene mwamupempha chilolezo.

Ine wowerenga wanu,
ku Monkey Bay, Mangochi