Kalata kwa a Tembo: za kachere uja

Chilenje, Lusaka
28 Sepitembala

Okondedwa a Tembo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku London pamodzi ndi amayi ndi ana. Ndalemba kuti mumve kwa ine mwini za kachere wanu wa bonsai, mtengo wodzalidwa m'mbale ndi kudulidwa kuti ukhalebe waung'ono, amene munandisungitsa, pakuti anatsala pang'ono kufera m'manja mwanga.

M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi masamba anayamba kuchita chikasu n'kumathothoka, ndipo ine, poyesa kuti mtengowo uli ndi ludzu, ndinkauthirira m'mawa ndi madzulo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Nditauzula m'mbale kumayambiriro kwa mwezi uno, usiku utayamba kufunda, ndinapeza dothi litagwirana ngati loumbira mphika, mabowo a pansi atatsekeka, ndipo mizu ina inali yakuda, yofewa ndi yonunkha. Madzi a pamjigo wathu nawonso anasiya zoyera m'mphepete mwa mbale, popeza pansi pa Lusaka pali miyala ya laimu yambiri.

Ndinamasula mizu pang'onopang'ono ndi kamtengo kosongola, n'kudula yonse yowola ndi sizasi yopukutidwa ndi spiriti, koma pa mizu yamoyo, yoyera ndi yolimba, sindinachotse yopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Dothi la akadama limene a ku Japan amadzalira mitengo yotereyi ndilibe, choncho ndinaswa njerwa yowotcha, n'kusefa fumbi lonse, kenako ndinasakaniza tizidutswato ndi mchenga wa kumtsinje wa miyalamiyala, makungwa a paini ndi makala pang'ono. Kusakaniza kumeneku ndikukhulupirira kwambiri, chifukwa madzi akungodutsa osakhazikika. Tsinde ndinalimanga ndi waya wodzera m'mabowo kuti mphepo isamagwedeze mizu yanthete.

Tsopano mtengowo uli pamthunzi pakhonde, ndipo feteleza sindithira kufikira patatha masabata 6. Ndimathirira pokhapokha ndikapisa chala n'kumva kuti pamwamba pauma, ngakhale kuti kutentha kwa Okutobala kudzafuna kuti ndiziuyang'ana kawiri pa tsiku. Mgolo wa madzi a mvula ndakonzeratu podikira Novembala.

Dzulo ndinaona timasamba titatu tonyezimira pansonga, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Koma nthambi ya kumanzere, imene munaipinda ndi manja anu, yauma, moti nditakanda khungwa lake ndi chikhadabo sindinapeze pobiriwira. Sindikufuna kuidula popanda mawu anu, choncho mundiyankhe msanga.

Ine mnzanu,
Mwale