Mbande za bulugamu sizikhala ndi mphako

Akonzi,

Nyengo yobzala mitengo ikafika timauzidwa kuti tikadula mtengo umodzi tibzale ingapo, ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Kubzala n'kwabwino, koma mtengo wokalamba uli ndi ntchito imene mbande, ngakhale zitakhala zana, sizingagwire. Ndiloleni ndifotokoze za kambalame ka ku Australia kamene moyo wake umadalira mtengo womwe tonse timaudziwa, bulugamu.

Mbalameyi ndi ya mtundu wa zinkhwe. Kwawoko amaitcha swift parrot, asayansi amati Lathamus discolor. Ndi yotalika masentimita 25 ndi mchira womwe, ndipo imalemera magalamu 65 okha. Thupi ndi lobiriwira, koma pachipumi, pakhosi ndi kunsi kwa mapiko m'pofiira. Chakudya chake chenicheni si njere ngati zinkhwe zambiri. Kunsonga kwa lilime lake kuli timaubweya tonga burashi, ndipo imapisa lilimelo m'duwa n'kukoka timadzi totsekemera pamodzi ndi mungu. Mungu wina umamatirira kumutu ndi kumlomo n'kukafika pamtengo wina, kotero bulugamu nayenso amapindula.

Imaswana pachilumba cha Tasmania, kummwera kwa Australia, ndi tizilumba toyandikana nacho basi, kuyambira Seputembala mpaka Januwale. Kukayamba kuzizira imawoloka nyanja ya Bass Strait, makilomita oposa 200, kupita ku zigawo za Victoria ndi New South Wales, kumtunda waukulu wa Australia, kukasaka maluwa a mitundu ina ya bulugamu.

Kuti iswane pafunika zinthu ziwiri, pamalo amodzi ndiponso m'chaka chimodzi. Choyamba ndi maluwa ochuluka a bulugamu wotchedwa Eucalyptus globulus kapena Eucalyptus ovata. Mitengoyi sichita maluwa mofanana chaka ndi chaka: dera limene lachita bwino chaka chino likhoza kukhala gwaa zaka zingapo zotsatira. Motero mbalamezi zilibe mudzi wokhazikika, zimangotsata kumene kwayera maluwa. Chachiwiri ndi mphako, ndipo si mphako iliyonse. Imafuna yolowera pang'ono koma yakuya, imene imapezeka m'mitengo yopitirira zaka 100, pomwe nthambi inathyoka, mkati n'kuwola pang'onopang'ono. Chinkhwe sichiboola mtengo ngati gogomole, chimalowa chopeza kale.

Apa ndi pamene odula matabwa amasokoneza. Munthu akaona nkhalango yopanda mbalamezi kwa zaka zitatu amati ilibe ntchito, nkhwangwa ilowe. Chaka chachinayi maluwa akabwera komweko, mbalame zimapeza chakudya chili mbwee koma poikira mazira palibe. Kwina mphako zilipo, maluwa kulibe.

Vuto lina linaululika mu 2014, ofufuza a ku Australian National University ataika makamera pazisa. Anaona kanyama kotchedwa sugar glider, koyenda usiku ngati changa, kokhala ndi chikopa chotambasuka pakati pa miyendo chimene kamayandama nacho kuchoka mtengo wina kupita wina. Si ka ku Tasmania, anthu ndiwo anakabweretsa m'zaka za m'ma 1800. Thadzi limaikira mazira atatu mpaka asanu n'kufungatira pafupifupi masiku 25, ndipo usiku limakhala m'mphakomo lokha. Kanyamako kamakwana pakhomo pomwepo, kamalowa, kudya mazira, anapiye, ngakhale make yemwe. Pachilumba chachikulu cha Tasmania anapeza kuti pafupifupi theka la matadzi ofungatira limaphedwa chaka chilichonse, ndipo chiwerengero chimakwera kumene nkhalango yakale inadulidwa kwambiri. Poti ofa ndi aakazi, aamuna tsopano achuluka, pafupifupi atatu pa wamkazi mmodzi, ndipo amavutitsa thadzi mpaka kusokoneza kulera ana.

Tizilumba ta Bruny ndi Maria, pafupi ndi gombe la Tasmania, tilibe kanyamaka, ndipo kumeneko ana amakula bwino. Koma mbalame siyingauzidwe kuti ipite ku Bruny. Maluwa akachuluka kumene kuli adani, imapita komweko.

Anthu ayesapo kupachika mabokosi a matabwa m'mitengo kuti akhale ngati mphako, ndipo mbalamezi zimalowamo ndithu. Ena anawaika kachitseko koyendera batire ya sola, kokhala ndi kachipangizo kozindikira kuwala: kukada kamadzitseka, kukacha kamatseguka. Nzeru yabwino, koma taonani ntchito yake. Munthu ayenera kuyamba wayenda nkhalango kuona kumene masamba a maluwa akutupa chaka chimenecho, kukwera ndi zingwe, kupachika, n'kumabwerera kukaona ngati batire ili moyo, chifukwa chitseko chikakanika kutseguka m'mawa ana afera mkati. Mbalame zina nazo zimalanda mabokosiwo. Chaka chamawa maluwa akasamuka, ntchito yonse iyambirenso kwina. Ine ndimaona kuti bokosi ndi ndodo yoyendera wodwala, si mankhwala.

Boma la Australia linaika mbalameyi pa gulu la zotsala pang'ono kutheratu mu 2016, ndipo zotsala sizikwana 1,000. Zina zimafa pogunda magalasi a nyumba ndi mipanda ya waya, popeza zimauluka mothamanga kwambiri.

Bulugamu wathu kuno timadula akangokwana milimo, mapolo kapena nkhuni zochizira fodya, choncho safika msinkhu wochita mphako. Mphako zathu zili m'mitengo yachilengedwe. Ku Liwonde National Park kuli kachinkhwe kobiriwira kofiira kumaso, Lilian's lovebird. Iko kamadya njere, koma kamagona ndi kuswana m'mphako za tsanya wamkulu, mtengo womwewo umene owotcha makala amaulimbirana chifukwa makala ake sathera msanga. Pempho langa kwa a zankhalango ndi mafumu ndi lakuti popereka chilolezo chodula, mitengo ikuluikulu ya mphako iziyamba yaikidwa chizindikiro n'kusiyidwa, ngakhale youma, ndipo powerengera mbande zobzalidwa aziwerenganso mitengo yotereyi imene yatsala m'mudzi uliwonse.

Wowerenga wanu,
Zomba