Chikwangwani chokongola pa kompyuta, chosawerengeka pamsewu

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndiwauze anzanga a mabizinesi ang'onoang'ono muno mu Lilongwe zomwe zinandionekera nditafuna kusintha chikwangwani cha shopu yanga.

Ine ndine telala, ndimasokera ku Kawale. Chikwangwani changa choyamba anandilembera bambo wina wachikulire wa burashi ndi penti. Anatenga lata, kulipaka penti yoyera, kulembapo zilembo zakuda zonenepa, pambali n'kujambulapo makina osokera omwe ana a m'dera lathu ankati ndi mbuzi. Chinakhala zaka zambiri pamwamba pa khomo. Tsiku lina mwana wanga wamkazi atabwera ku holide anachiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, ichi ndi cha makedzana, anthu azikuyesani osoka zigamba basi." Mawuwo anandilowa mumtima.

Ndinakwera minibasi kupita m'tauni, chakufupi ndi Malangalanga, komwe kuli anyamata osindikiza makadi a ukwati ndi mabana, zikwangwani za pulasitiki zija. Mnyamata wina waulemu ndithu anandipatsa mpando, kutsegula kompyuta, kuyamba kundionetsa madizaini opangiratu omwe iwo amati ma template. Anali ambirimbiri. Ena a maluwa, ena a nyenyezi, ena a zilembo zopotanapotana ngati mpiru wa m'dimba la munthu waulesi. Ndinakhala pamenepo maola awiri ngati ndikusankha chitenje cha chinkhoswe. Potsiriza ndinaloza ina yapepo, ya zilembo zagolide, yokhala ndi chithunzi cha mkwatibwi atanyamula maluwa. Pa kompyutapo inkawala moti ndinamva ngati shopu yanga yasamukira ku City Centre.

Vuto linayamba polowetsa mawu. Amene anapanga dizainiyo anasiya malo a timawu tiwiri tachingerezi. Ine ndinkafuna palembedwe kuti "Timasoka madiresi a ukwati, mayunifolomu a sukulu ndi a Mvano, ndi zovala za ana ang'onoang'ono." Chichewa chathu sichifupika, mneni mmodzi amanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa pamodzi, ndiye mawu amatalika. Mnyamatayo anayamba kuchepetsa zilembo, kuchepetsabe, mpaka zonse zinalowa koma zili ngati nyerere pa mzere. Anandilangiza kuti tingolemba m'Chingerezi. Ndinakana. Makasitomala anga ndi amayi a kumpingo, azakhali okonzekera chinkhoswe, ndi makolo ofuna yunifolomu sukulu ikamatsegulira. Amenewo timalankhulana Chichewa tikamayeza chiuno.

Pansi ndinafuna mawu amene anali pa lata lakale, akuti "Bweretsani lero, tengani maŵa." Ife kusukulu anatiphunzitsa kuti maŵa ali ndi kachipewa pa w. Ndikudziwa kuti ambiri masiku ano sakalembanso, ngakhale inu a nyuzi, ndipo sindikukutengerani kubwalo. Koma ine ndinkakafuna. Mnyamatayo atakalowetsa, m'malo mwa chilembo panatuluka kabokosi kopanda kanthu, chifukwa mtundu wa zilembo zopotanazo unalibe ŵ. Tinakachotsa kachipewako, ine mtima uli nyong'onyong'o.

Patapita masiku awiri ndinakatenga bana yanga. Mtundu wapepo uja unali utada ngati biringanya, golide atasanduka mtundu wa nsinjiro. Nditafunsa, mnyamatayo anandifotokozera bwino lomwe, ndipo ndinaphunzirapo: kompyuta imaonetsa mitundu ndi kuwala, pomwe makina osindikiza amasakaniza inki za mitundu inayi, ndipo pa inkizo palibe yagolide. Zomwe zimanyezimira pa sikirini sizinganyezimire chimodzimodzi pa pulasitiki. Ndinangodandaula kuti bwenzi atandiuza ndisanalipire. Paja kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chinakwera, inki ndi pulasitiki ya mabana zomwe. Ndalama imene ndinasiya kumeneko ndi ya madiresi atatu.

Tinaipachikabe. Ndinawoloka msewu kukaima pa benchi la mayi wogulitsa tomato, n'kuitana mnyamata wa kabaza amene amaima pamenepo. Ndinati, "Achimwene, tandiwerengereni chikwangwani icho." Anatsinzina diso limodzi, kuika dzanja pamphumi, n'kuti, "Ndi saluni eti, mayi?" Wa tomato anaseka mpaka kugwira m'mimba. Sabata yomweyo kunabweradi mtsikana kudzafunsa mtengo woluka tsitsi. Nambala ya foni, manambala khumi athunthu, inali m'zilembo zowonda moti 3 ndi 8 zinkangofanana. Shopu yanga inayang'ana kumadzulo, ndiye dzuwa la Okutobala ndi fumbi la msewu wathu zinamaliza zotsalazo. Mvula isanagwe n'komwe, masaya a mkwatibwi uja anali atayera mbuu.

Mlandu waukulu ndi wanga, ndinasankha ndekha, nditakhala pampando mphuno ili pafupi ndi sikirini. Munthu wofuna telala sakhala pampando. Amakhala pa kabaza, kapena pawindo la minibasi, kapena ali ndi mwana kumbuyo ndi thumba la ufa pamutu. Pitani kudepoti mukaone timatabwa ta makondakitala tolembedwa Area 25, Likuni, Chinsapo. Mulibe duwa ngakhale limodzi, koma mumatiwerenga minibasi ili patali, isanaime. Bambo wa burashi uja ankazidziwa zimenezi. Ndikukumbuka akulemba chilembo chimodzi, kubwerera m'mbuyo mpaka pakati pa msewu, kuyang'ana, kubweranso. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti akungochedwetsa ntchito kuti ndiwaphikire nsima.

Kwa anyamata osindikiza, pempho langa ndi laling'ono. Kasitomala akasankha dizaini, yambani mwaisindikiza pa pepala wamba, muimate pakhoma panja, mutuluke naye mukaime kutsidya kwa msewu. Ngati mawu ake ndi Achichewa, musawapanikize m'malo opangira Chingerezi, sinthani dizainiyo kuti mawuwo apume. Ndipo amene mumaphunzitsa achinyamata ntchito za manja, kaya ku Lilongwe Technical College kaya m'masukulu a pansi pa bungwe loona za maphunzirowa la TEVETA, muwapatseko mawu Achichewa ataliatali oti aziyeserera nawo, pamodzi ndi ŵ ndi ng'.

Lata lakale lija ndinalipeza kuseri kwa nyumba, mwamuna wanga atafolera nalo khola la nkhuku. Ndalitsuka n'kulibwezera pamwamba pa khomo, mbuzi yake ili pomwepo. Penti yayamba kusupuka pa mawu akuti "ukwati", ndipo bambo aja ndawafunafuna ku Mchesi komwe ankakhala, akuti anabwerera kumudzi ku Dedza. Bana yapepo ija ndimafunditsira makina usiku kuti asalowe fumbi.

Telala wa ku Kawale,
Lilongwe